Kapulopela kakang'ono, njala ya magetsi yaikulu: mmene bwato lathanga limakochezera padoko

Bwato loyendera thanga limamvera chiwongolero pokhapokha likamathamanga. Liwiro likachepa, monga zimakhalira polowa padoko, chiwongolero chimafooka ndipo mphepo imayamba kukankha mphuno ya bwato mmene ikufunira. M'madoko a mphepo yamkuntho monga la Cape Town, masekondi ochepa oterewa ndi okwanira kuti bwato la ndalama zambiri liwombe khoma kapena bwato linzake.

N'chifukwa chake mabwato ambiri amakono amaikidwa chipangizo chotchedwa bow thruster. Aka ndi kapulopela kokhala mumpope wopingasa mphuno ya bwato, pansi pa madzi. Kakazungulira, kamaponya madzi mbali imodzi ndipo mphuno imasunthira mbali inayo. Makampani monga Sleipner ya ku Norway, Vetus ya ku Netherlands ndi Lewmar ya ku Britain ndi ena mwa amene amapanga zipangizozi.

Vuto lagona pa magetsi. Mota ya mawati 4,000 yoyendera mavolti 12 imakoka maampu oposa 330. Poyerekeza, ketulo ya m'nyumba ya mawati 2,000 imakoka maampu pafupifupi 9 pa magetsi a mavolti 230. Mota yomweyo ikakhala ya mavolti 24, maampu amatsika ndi theka, ndipo ichi ndi chimene chimachititsa eni mabwato akuluakulu kusankha mavolti 24.

Magetsi ochuluka chonchi akamadutsa m'nthambo yaitali kapena yowonda, ena amatayika panjira ngati kutentha. Amene anaikapo sola pakhomo amalidziwa khalidweli: batire likatalikirana ndi chipangizo, mphamvu imafika yopereŵera. Pabwato, mabatire nthawi zambiri amakhala kumbuyo, pafupi ndi injini, pamene kapulopelaka kali kutsogolo kwenikweni. Njira zilipo ziwiri: kuyala nthambo zonenepa kwambiri kutalika konse kwa bwato, kapena kuika batire lapadera kumphuno, moyandikana ndi mota, n'kumalitchaja kudzera m'nthambo zocheperapo. Batirelo liyenera kukhala la mtundu wotulutsa mphamvu yambiri nthawi imodzi, ngati lolizira injini, lomangidwa zolimba chifukwa kumphuno ndi kumene mafunde amamenya kwambiri, komanso pamalo opita mpweya. Fyuzi imaikidwa pafupi ndi batire kuti nthambo isayake moto ikakhudzana ndi inzake.

Batire lofooka limabala ngozi ziwiri. Yoyamba n'njodziwikiratu: kapulopela kamazungulira mwaulesi pa nthawi imene kakufunika kwambiri. Yachiwiri ndi yobisika. Pakati pa batire ndi mota pali switchi yamaginito yotchedwa solenoid, imene imatseka ndi kutsegula njira ya magetsi. Mavolti akatsika, switchiyi siigwira zolimba, imanjenjemera, imathetheka, ndipo zitsulo zake zikhoza kusungunuka n'kumatirirana. Zikatero mota siizima ngakhale woyendetsa atachotsa dzanja, ndipo bwato limangozungulira pakati pa mabwato ena. Chopulumutsa pamenepo ndi switchi yaikulu yodula magetsi onse a chipangizochi, imene iyenera kukhala pamalo ofikika msanga ndi odziwika kwa aliyense m'bwatomo.

Pachifukwa chomwechi, amalinyero odziwa ntchito amagwiritsa ntchito kapulopelaka injini ikulira, kuti alternator izibwezeretsa magetsi m'batire. Amaonetsetsanso kuti makina okokera nangula, amenenso amadya magetsi ambiri, sakugwira ntchito nthawi yomweyo.

Zowongolera zake zimakhala pafupi ndi chiwongolero: kandodo kopendekera kumanja ndi kumanzere, kapena mabatani awiri. Zambiri zimafuna kuyatsidwa mwadala kuti mwana kapena chigongono cha munthu chisalize mota mwangozi, ndipo zimazima zokha pakapita mphindi zingapo zisanakhudzidwe. Woyendetsa woiwala zimenezi amatulukira kuti chipangizo chazima ali kale pakamwa pa doko. Choncho lamulo ndi kuchiyatsa ndi kuchiyesa mbali zonse ziwiri bwato lidakali poyera.

Kadinidwe nakonso kali ndi mwambo wake. Mota zambiri zamtunduwu zinapangidwa kuti zigwire ntchito mphindi ziwiri kapena zitatu zokha mosalekeza. Zikatentha, chotetezera chimadula magetsi mpaka zitazizira. Ndi bwino kudina masekondi ochepa, kusiya, kuona mmene mphuno yasunthira, kenako kudinanso. Kutembenuza mwadzidzidzi kuchoka kumanja kupita kumanzere kapulopela kasanaime kukhoza kuthyola magiya, n'chifukwa chake zowongolera zambiri zimachedwetsa dala kusinthako. Komanso chipangizochi chimathandiza bwato likamayenda pang'onopang'ono; likathamanga, mphamvu yake imakokoloka ndi madzi odutsa.

Chisamaliro sichifuna zambiri: kumanga ndi kupukuta mitu ya batire kuti isachite dzimbiri, kuyeza mavolti mota ikulira, ndi kuchotsa zomera ndi tizigoba tomatirira mumpope.

Pamapeto pake, kapulopelaka n'kothandizira chabe. Woyendetsa wanzeru amalowa padoko atawerenga kale mphepo, zingwe zili m'manja mwa anzake, ndiponso akudziwa chochita ngati batani litadinidwa koma mphuno ya bwato osasuntha.