Silvio Piola: Katswiri Wogoletsa Zigoli

Kodi munthu wa zaka 34 angathe kusewerabe mpira wa miyendo? Ambiri a inu munena kuti ayi, ameneyo wakalamba. Tamvani nkhani ya Silvio Piola wa ku Italy.

Piola anabadwa m'chaka cha 1913 m'tauni yaing'ono ya Robbio. Ali ndi zaka 16 zokha anayamba kusewera m'timu ya Pro Vercelli. Tsiku lina mu 1933 anagoletsa zigoli 6 yekha posewera ndi Fiorentina.

Mu 1934 anapita ku timu ya Lazio mumzinda wa Rome, ndipo anakhalako zaka 9. Mu 1938 timu ya dziko la Italy inakatenga chikho cha dziko lonse ku France. Pa masewera otsiriza inagonjetsa Hungary ndi zigoli 4 kwa 2. Ziwiri mwa zigoli zimenezi anagoletsa ndi Piola.

Kenaka kunadza nkhondo yaikulu. Mu 1943 mpikisano waukulu wa matimu a ku Italy, wotchedwa Serie A, unaima. Nkhondo itatha, Piola anasewera m'timu ya Juventus.

Mu 1947 anachoka ku Juventus napita ku timu yaing'ono ya Novara. Apa n'kuti zaka zake zikukwana 34. Timuyi inali m'gulu lachiwiri, koma iye anaithandiza kukwera m'gulu loyamba. Anasewera mpaka 1954, ali ndi zaka 40.

Tsopano tengani pensulo, tiwerengere limodzi zigoli zake za mu Serie A:

Pro Vercelli: 51
Lazio: 143
Juventus: 10
Novara: 70

Mwapeza zingati? Zonse pamodzi ndi 274. Palibe wina amene wafika pamenepa mu Serie A. Womutsatira ndi Francesco Totti, amene anagoletsa 250.

Nanga tachotsanipo 70 za ku Novara zija. Zatsala 204. Mwaona? Piola akanasiya mpira pochoka ku Juventus, bwenzi Totti atamupitirira. Zimene zinamuika patsogolo ndi zigoli za muukulu wake.

Piola anamwalira mu 1996. Mabwalo a mpira a ku Vercelli ndi ku Novara amatchedwa dzina lake.

Mafunso
1. Kodi Piola anagoletsa zigoli zambiri ali m'timu iti?
2. Kodi zigoli za Piola zikuposa za Totti ndi zingati?
3. Kodi kwanuko alipo munthu amene anachita zazikulu atakula kale? Kambiranani ndi anzanu.