Mankhwala a Misala ndi Munthu Wovulala M'mutu

Munthu akagwa pa njinga yamoto kapena akamenyedwa ndi chibonga m'mutu, ubongo umagwedezeka m'kati mwa chibade ndipo amakomoka. Ambiri akatsitsimuka sadzuka ndi nzeru zawo zonse. Wodwala sadziwa kumene ali, aiwala zimene wauzidwa m'mawa momwemo, azula singano ya dripi, atukwana mkazi wake, ndipo usiku afuna kuthawa m'chipatala. Achibale poona izi ayesa kuti munthu wapenga kapena walodzedwa, napempha dotolo kuti ambaye jekeseni womgonetsa.

Kusokonezeka kumeneku si misala ayi. Ndi njira imene ubongo wovulala umadzera pochira, ndipo kwa ambiri kumatha kokha pakapita masiku kapena milungu ingapo.

Jekeseni amene achibale apempha kawirikawiri ndi wa mankhwala a misala. Awiri ndiwo odziwika m'zipatala: chlorpromazine, amene ena atcha Largactil, amene madotolo a ku Paris anayamba kupatsa odwala misala mu 1952, ndi haloperidol, amene anapangidwa ku Belgium mu 1958. Mu ubongo muli madzi ena otchedwa dopamine, amene amanyamula mauthenga pakati pa timitsempha take. Mankhwalawa amatsekereza mauthengawo, ndipo kwa wodwala misala yeniyeni ichi ndi chithandizo chachikulu. Koma tsono dopamine yemweyo ndiye amathandiza munthu kutchera khutu, kuyendetsa miyendo ndi kuphunzira. Ubongo ukavulala, mbali zotsala ziyenera kuphunzira ntchito ya mbali zoonongeka, monga muja amachitira ana bambo wawo akadwala nthawi yolima.

Mu 1982, Dennis Feeney ndi anzake a ku New Mexico, ku America, anayesa nkhaniyi pa makoswe ovulazidwa mbali ya ubongo yoyendetsa miyendo. Makoswewo anayenera kuphunziranso kuyenda pa kamtengo kopyapyala. Amene anapatsidwa haloperidol anachedwa kwambiri kuchira kuposa anzawo. Mu 1985 madotolo ena a ku America komweko anaona kuti anthu ovulala m'mutu amene analandira haloperidol anakhala nthawi yaitali ali oiwalaiwala. Kunena zoona, khoswe si munthu, ndiponso odwala olandira mankhwalawa nthawi zambiri ndi amene avulala koposa. Komabe mu 2012 kunaoneka umboni wina: odwala 184 amene anali asanatsitsimuke bwino anayesedwa ku America, Germany ndi Denmark, ndipo amene anapatsidwa amantadine, mankhwala olimbikitsa ntchito ya dopamine, anafulumira kuchira pa milungu 4 imene anali kumwa.

Palinso zoopsa zina. Mankhwala a misala amaumitsa minofu ndi kunjenjemeretsa manja. Ena amawapatsa kusakhazikika, kotero kuti sangathe kukhala pansi, ndipo wosadziwa ayesa kuti nthenda yakula nawonjezera mankhwala omwewo. Chlorpromazine akhoza kuutsa khunyu, imene wovulala m'mutu ali nayo pafupi kale. Choopsa koposa ndi tulo: magazi akamatayikira m'kati mwa chibade munthu amayamba kuodzera, ndipo ngati wagonetsedwa ndi jekeseni anamwino sangazindikire msanga.

Chifukwa chake dotolo wosamala amayamba wafufuza chimene chikuvuta wodwalayo, pakuti mwini wake sangathe kunena. Kapena ndi ululu, kapena mkodzo wakanika kutuluka, kapena thupi latentha, kapena ndi munthu wozolowera kachasu amene wausowa mwadzidzidzi. Malo achete amathandizanso. Mudzi wonse ukadzaza pa bedi, aliyense nafunsa kuti "Mwandizindikira kodi?", wodwala amasokonezeka koposa. Womdikirira mmodzi wodziwika bwino, womuuza mofatsa tsiku ndi malo amene ali, ndiye afunika. Madotolo ena amapereka propranolol, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, amene aoneka kuti amachepetsa ukali wotere.

Wodwala akafika pofuna kudzipweteka kapena kupweteka ena, dotolo akhoza kuperekabe mankhwala a misala, koma pang'ono, kwa masiku owerengeka, nawaleka ukali ukatha. Amene anali kumwa kale mankhwalawa chifukwa cha misala asanavulale, achibale ake asamsiyitse okha. Atenge buku lake la kuchipatala ndi mapiritsi omwe akaonetse dotolo.