Roma città aperta

Roma città aperta ndi filimu ya nkhondo ya ku Italy yomwe inatuluka mu September 1945. Anaitsogolera ndi Roberto Rossellini, ndipo ena mwa amene analemba nkhani yake ndi Sergio Amidei ndi Federico Fellini. Dzinali limatanthauza "Rome, mzinda wotseguka". Pa nkhondo, mzinda wotseguka ndi umene walengezedwa kuti sudzatetezedwa ndi zida, pofuna kuti adani asauphulitse.

Nkhani yake

Filimuyi imaonetsa moyo wa anthu wamba pa nthawi imene asilikali a Germany ankalamulira Rome, kuyambira September 1943 mpaka June 1944. Apolisi a Gestapo akusaka Giorgio Manfredi, mtsogoleri wa gulu lolimbana ndi chipani cha Nazi. Amene akumubisa ndi wansembe Don Pietro komanso Pina, mayi wamasiye woyembekezera. Asilikali amawombera Pina akuthamangira lole yomwe yanyamula bwenzi lake Francesco. Manfredi amafa akuzunzidwa koma osaulula anzake, ndipo Don Pietro amaphedwa ana a m'parishi yake akuona. Anna Magnani ndiye anasewera ngati Pina, pamene Aldo Fabrizi anasewera ngati wansembeyo. Imfa ya Pina inachokera pa nkhani yeniyeni ya Teresa Gullace, yemwe anaphedwa ndi msilikali wa Germany mu March 1944.

Kajambulidwe

Ntchito yojambula inayamba mu January 1945, nkhondo isanathe kumpoto kwa Italy. Malo ojambulira mafilimu a Cinecittà anali atasanduka msasa wa othawa nkhondo, ndipo ndalama ndi zipangizo zinali zosowa. Choncho mbali zambiri anazijambula m'misewu ndi m'nyumba zenizeni.

Mmene inalandiridwira

Ku Italy anthu ambiri anapita kukaionera, ngakhale ena mwa olemba ndemanga m'nyuzipepala sanaiyamikire kwenikweni poyamba. Mbiri yake inakula kwambiri kunja. Mu 1946 inali imodzi mwa mafilimu omwe analandira mphoto ya Grand Prix ku Cannes, ndipo olemba ndemanga a ku New York anaisankha kukhala filimu yabwino koposa ya chilankhulo chakunja. Olemba nkhani yake anapikisana nawo pa mphoto ya Oscar. Ku West Germany akuluakulu anailetsa kwa zaka zingapo.

Akatswiri amati filimuyi ndiyo inatchukitsa neorealismo, kapangidwe ka mafilimu koonetsa mavuto a anthu osauka mosakometsera. Komabe ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti si zonse zinajambulidwa mumsewu: zipinda za Gestapo anachita kuzimanga, ndipo Magnani ndi Fabrizi anali kale akatswiri a zisudzo. Mu 1995 Vatican inaiika pa mndandanda wa mafilimu 45 ofunika. Rossellini anapitiriza nkhani za nkhondoyi mu Paisà ya 1946 ndi Germania anno zero ya 1948.