Kulosera Mtengo wa Sheya ya Tesla

Pamene kampani ya Tesla, yopanga galimoto zoyendera magetsi m'dziko la America, inayamba kugulitsa masheya ake pa msika wa Nasdaq mu June 2010, sheya imodzi inali pa madola 17, ndipo ambiri anaiyang'ana mokayika, pakuti kampaniyo, ngakhale inakhazikitsidwa mu 2003, inali isanaonepo phindu la chaka chathunthu, ndipo sinalione kufikira 2020. M'chaka chimenecho mtengo wa sheya unachuluka kasanu ndi katatu, ndipo mu October 2021 kampani yonse inayesedwa ya mtengo woposa madola 1 triliyoni; koma mu 2022 pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mtengowo anapita. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo amene anadziyesa olemera asanagulitse masheya awo anamva tanthauzo lake.

Tsono munthu wofuna kunena mtengo wa sheya imeneyi zaka khumi zikudzazo amayamba ndi kuyerekeza galimoto zimene kampani idzagulitsa, nayesa phindu lotsala pa galimoto iliyonse atachotsapo mtengo wa mabatire, malipiro a antchito ndi zolowa pa mafakitale a ku Fremont, Shanghai, Berlin ndi Austin. Akatero amabweza phindu la m'tsogololo ku mtengo wa lero, popeza dola yolandira patapita zaka khumi sifanana ndi dola ili m'manja. Apa m'pamene chiwongoladzanja chimalowera. Banki yaikulu ya America itachikweza kuchokera pafupi ndi ziro mu March 2022 kufikira kupitirira 5 peresenti mu 2023, masheya odalira phindu lakutali anatsika kwambiri, pakuti wosunga ndalama anali atapeza kwina koziika mosada nkhawa.

Komatu chimene chimalekanitsa olosera si masamu ayi, koma funso lakuti Tesla ndi kampani yanji. Iwo amene amaiona ngati yopanga galimoto basi amakumbutsa kuti inagulitsa galimoto pafupifupi 1.8 miliyoni mu 2023, ndi zocheperapo pang'ono mu 2024, pamene Toyota imagulitsa zoposa 10 miliyoni pachaka, ndiponso kuti BYD ya ku China inaipitirira pa malonda a galimoto zamagetsi m'miyezi itatu yotsiriza ya 2023. Kwa iwo mtengo wa sheya wathamangira patsogolo pa ntchito. Ena, monga Mayi Cathie Wood a kampani ya ARK Invest, amene mu 2024 analosera madola 2,600 pa sheya pofika 2029, anatsamiritsa gawo lalikulu la ulosi wawo pa matakisi odziyendetsa okha, malonda amene panthawiyo anali asanayambe n'komwe. Onsewa amawerenga mabuku amodzimodzi a kampani, koma wina aona fakitale, wina aona lonjezo la Elon Musk, mkulu wa kampaniyo.

Ndiponso tisaiwale kuti timasimba za Tesla chifukwa inapulumuka. Kampani ina ya galimoto zamagetsi, Lordstown Motors, inagwa mu 2023, inzake Fisker inatsatira mu 2024, ndipo nazonso zinali ndi aneneri ake olonjeza zaka za mwanaalirenji.

Chifukwa chake wowerenga akamva kuti sheya yakutiyakuti idzafika mtengo wakutiwakuti mu 2035, asathamangire kufunsa kukula kwa nambalayo, koma afunse zimene ziyenera kuchitika kuti ikwaniritsidwe: galimoto zingati, phindu lotani, chiwongoladzanja chotani, ndi chilolezo cha maboma angati. Wolosera woona mtima amaziyala poyera zonsezi, nanena mtengo wapamwamba pamodzi ndi wapansi. Amene angotchula nambala imodzi mobisa maziko ake, ameneyo mawu ake ayesedwe kawiri ndalama isanatuluke m'thumba.