Ngolo imene inkafuna kuuluka

Ngolo ya atsibweni anga inali ndi dzina, koma dzinalo sanaitche ndi iwo. Anaitcha ndi amayi ochapa pamtsinje, tsiku limene inaima njo pachitunda, mtengo wokokera utaloza kumitambo, matumba a soya akutsetsereka limodzilimodzi kubwerera kumadzi. Mayi wina anasiya chitenje pamwala, nagwira m'chiuno, nati, "Anthuni taonani, ndege ikunyamuka!" Sipanathe sabata, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje ngoloyo inali ikudziwika kuti Ndege.

Ine ndinalipo tsikulo, ndipo ndivomere kuti ndinaseka ndisanathandize. Bulaki ndi Bantomu, ng'ombe zofatsa zosadziwa n'kugunda komwe, zinali zitatukula mitu, goli litakwera, zingwe zitazikola pakhosi, maso ali tong'o, malilime ali panja. Mnyamata woyendetsa anasokonezeka n'kuyamba kuzikwapula, ngati kuti ng'ombe imene ikupotoledwa khosi ingakoke. Tinachita kulendewera pamtengopo amuna atatu, ngati anyani panthambi, kuti ngolo itsike. Matumba anayi ananyowa. Soya wonyowa palibe venda amene amamuyang'ana kawiri.

Chikanakhala kamodzi tikanati ndi tsoka. Koma chaka chimenecho Ndege inanyamuka katatu. Atsibweni anachotsa mnyamata woyamba, analemba wina, anachotsanso. Wachitatu, poopa kuchotsedwa, anayamba kuunjika katundu yense kutsogolo. Ngolo inaleka kuuluka, inde, koma tsopano ng'ombe zinkayenda mphuno zili pafupi ndi fumbi, goli likuzidya pakhosi mpaka zilonda, ntchentche zili ng'waa. Ulendo wonyamuka tambala woyamba unkafika pamsika dzuwa lili paliwombo, ogula atadzaza kale malole. Apa atsibweni anayamba kuyang'ana anansi ndi diso lina. Ankati munthu amene wayendetsa ngolo kuyambira nthawi ya Kamuzu, wotuta chimanga kupita ku ADMARC ife tisanamere mano, sangalephere lero popanda dzanja la munthu.

Yankho linachokera kumene sitinkayang'ana n'komwe. Ine ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina cha ku Nathenje, ndipo Lachisanu masana ana ndi ine timapanga tindege ndi mbale zoyera zopepuka zija amaikamo chipisi. Tindege tathu tinali ndi matenda awiri. Tina tikaponyedwa tinkadzutsa mphuno, n'kuima m'malere kamphindi, n'kugwa chamchira. Tina tinkangolunjika pansi n'kuzika mphuno mumchenga. Usiku wina, nditagula bandulo yotchipa ija ya pakati pa usiku, ndinayamba kufufuza pafoni, ndipo ndinagwera pabuku la malangizo oyendetsera ndege yeniyeni yopanda injini.

Ndege zotere zilipo, ndipo anthu amakwera. Imakokedwa ndi ndege ina kapena ndi chingwe chachitali chokulungidwa ndi makina, ikafika m'mwamba woyendetsa amamasula chingwecho, n'kumasakasaka mpweya wofunda wokwera, monga amachitira akabawi aja amazungulira pamwamba pa phiri la Bunda masana osakupiza mapiko. Buku limene ndinapeza linali la mtundu wotchedwa ASK 21, wopangidwa ndi kampani ya Alexander Schleicher ku Poppenhausen m'dziko la Germany. Inauluka koyamba mu 1979, ili ndi mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo mapiko ake ndi mamita 17 kuchokera nsonga kufika nsonga. Yopanda munthu imalemera pafupifupi makilogalamu 360, ndipo siloledwa kunyamuka itapyola 600. Mpando uliwonse malire ake ndi makilogalamu 110.

Mpaka apa palibe chachilendo. Ngakhale minibasi ili ndi nambala ya anthu, kaya kondakitala amaiwerenga kaya ayi. Chinandidzutsa pamphasa ndi mzere wotsatira. Munthu akamauluka yekha pampando wakutsogolo asachepere makilogalamu 70, kuwerengera ndi parachuti yomwe. Akachepera, amange zitsulo zolemera kutsogolo, apo ayi asanyamuke. Kupepuka n'kukhala mlandu! Ine amene ndinakula ndikumva kuti ngozi imabwera ndi kulemetsa katundu, ndinawerenganso kawiri.

Chifukwa chake n'chakuti mapiko amanyamula ndege pamalo amodzi, monga ekiselo imanyamulira ngolo. Ndiye pali malo ena pamene kulemera konse kwa ndege, munthu ndi katundu kumakumana, pamene mutaikapo chala ndegeyo ingadendekere osagwera uku kapena uko. Pa ASK 21 malo amenewa amaloledwa kusuntha pafupifupi masentimita 23 okha. Ndege ya mapiko a mamita 17, moyo wake uli pa kadanga kosakwana rula ya mwana wa sitandade 5. Kulemera kukathawira kumbuyo, mphuno imadzuka, liwiro limatha, mapiko amaleka kugwira mpweya, ndipo ndege ikhoza kuyamba kugwa mozungulira n'kukana kuwongoka. Kukapita kutsogolo kwambiri, mphuno imalemera, ndipo potera woyendetsa amakoka ndodo mpaka kumapeto koma mphuno osadzuka. Matenda awiri aja a tindege tathu. Matenda awiri omwewo a ngolo ya atsibweni.

Azungu ake sanazisiye m'mutu mwa woyendetsa zimenezi. Ku Ulaya kuli malamulo otchedwa CS-22, a bungwe loona za chitetezo cha ndege la EASA lomwe lili ku Cologne, amene analowa m'malo mwa akale a JAR-22 mu 2003. Malamulowa amakakamiza wopanga ndege yopanda injini kulemba m'buku la malangizo malire a kulemera, malire a pamene kulemerako kuyenera kukumana, ndi kapakiridwe kake. Komanso m'kati, pamene woyendetsa akhala, pamamatidwa kachikwangwani konena kulemera kochepetsetsa ndi kochulukitsitsa kwa pampando, kuti asaname kuti buku linatsala kunyumba. Chimene ndinachikonda koposa ndi tsamba lina lokhala ndi mizere yopanda kanthu. Pamenepo amalemba tsiku limene ndege imeneyo, osati inzake, inaikidwa pasikelo, kulemera kumene anapeza, ndi siginecha ya woyeza. Ndege ziwiri zotuluka m'fakitale imodzi sizilemera chimodzimodzi, ndipo ikakonzedwa kwambiri, ikapakidwa utoto wina, kapena ikaikidwa chipangizo chatsopano, nambala zija zimawerengedwanso. Kachigamba kakang'ono kumchira kamasintha zambiri, chifukwa kali kutali ndi mapiko.

Nditafika pa mawu a kukonzedwawo ndinaika foni pansi. Chaka chapitacho, atakolola bwino, atsibweni anapita ndi ngolo kwa wowotcherera wina pamsika wa Mitundu kuti aitalikitse. Anawonjezera bokosi kumbuyo pafupifupi theka la mita, n'kumangirirapo chitseko chachitsulo chochoka pa galimoto yakufa. Ekiselo inatsala pomwe inali. Manja a atsibweni ankapakira ngolo yakale, imene anaidziwa zaka zambirimbiri, pomwe pabwalo panaima ngolo ina.

Ndinayamba ndi ana, poopa kukachita manyazi kwa akulu. Tinabaya msomali pamphuno ya kandege kamodzi kogwa chamchira, n'kumausuntha pang'onopang'ono mpaka kandegeko kadendekera pa zala ziwiri zoikidwa pansi pa mapiko, chakutsogolo pang'ono. Mtsikana wina anakaponya. Kanayandama phee, kudutsa bwalo lonse la ntchemberembaye, n'kukatera pafupi ndi mjigo. Phokoso lake mpaka ahedi anatuluka mu ofesi. Nzeru yake ndi yakalekale: mu 1804 Mngelezi wina, George Cayley, anapanga kandege koponya ndi dzanja kokhala ndi kachitsulo kosuntha kochitira zomwezi. Otto Lilienthal wa ku Germany, amene anauluka maulendo oposa 2,000 atapachikika pansi pa mapiko, ankadendekera ndi thupi lake lomwe, kuponya miyendo uku ndi uko. Pa 9 Ogasiti 1896 mphuno inadzuka, miyendo sinakwanitse kuibweza, anagwa, ndipo anamwalira mawa lake.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Mitundu. Ndinawapeza atsibweni akupaka mafuta pakhosi pa Bantomu.

"Atsibweni, ndapeza chimene chikuvuta ngoloyi. Si anyamata ayi, si ng'ombe, ndipo palibe amene wakulodzani."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Aphunzitsi, mwabwera kudzandiphunzitsa ngolo ndi foni?"

"Ayi atsibweni, ngolo mukuidziwa ndinu. Ndingopempha kuti munyamule mtengo wokokerawu, ilibe kanthu chonchi."

Anawerama, nakonzekera kunyamula chinthu cholemera monga ankachitira masiku onse akale. Mtengo unakwera ndi zala ziwiri, n'kufuna kupitirira wokha, moti anachita kuugwira kuti usawamenye pachibwano. Anaubweza pansi, naunyamulanso. Anazungulira ngolo, naima pa chitseko chachitsulo chija nthawi yaitali, akuchigogoda ndi chikhadabo.

"Mphwanga," anatero motsitsa mawu, "anyamata aja ndinawachotsera chabe."

Tinabwereka sikelo yakoloweka kwa venda wina. Sikelo za mavenda tonse tikuzidziwa, n'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera misika, ndiye tinayamba taiyesa ndi chigubu cha malita 20 a madzi, amene amalemera makilogalamu 20. Inanama pang'ono, kumbali imene mukuiganizirayo, ndipo tinaikonza. Kenako tinaimangirira panthambi ya mango, n'kukoleka nsonga ya mtengo wokokera, pamene pamakhala goli. Tsopano chimene makosi a ng'ombe ankamva chinali kuoneka ndi maso. Tikaika thumba la makilogalamu 50 kutsogolo, muvi unkatsika. Tikalikokera kumbuyo, unkabwerera. Titaliika pachitseko penipeni, chingwe chinakhwepa, mtengo n'kuyamba ulendo wake wa kumitambo, ana oonerera n'kukuwa kuti "Ndege! Ndege!"

Samu yake ndi ya kulemera kuchulukitsa ndi mtunda. Thumba limodzi lokhala mita imodzi kumbuyo kwa ekiselo limalimbana ndi matumba awiri okhala theka la mita kutsogolo. Atsibweni sanafune kumva za kuchulukitsa, koma nditati mwana wochepa atakhala kunsonga kwa thabwa amatukula wamkulu wokhala pafupi ndi pakati, anati zimenezo ankazidziwa ndisanabadwe. N'zoona ankazidziwa. Chimene chinkasowa ndi pamene zinalembedwa, poti mnyamata waganyu wobwera dzulo sangalowe m'manja mwa munthu wina kukatengamo zaka 40.

Tinapakira ndi kupakula mpaka dzuwa kupendeka. Tinagwirizana kuti pamalo athyathyathya goli lizinyamula pakati pa makilogalamu 20 ndi 30: okwanira kuti pachitunda, pamene katundu amakokera kumbuyo, mtengo usadzuke, koma osafika potupitsa khosi. Nambala zimenezi ndi zathu, za ngolo iyi ndi ng'ombe izi, ndipo wina asakazikopere pa ngolo ya abulu. Tinajambula mzere woyera m'kati mwa bokosi pamwamba pa ekiselo, tinakhoma thabwa lopingasa kuti matumba asamatsetsereke, ndipo pathabwa lakutsogolo, pamene woyendetsa amayang'ana, ndinalemba ndi utoto wotsala kusukulu: MATUMBA 10 BASI. 6 KUTSOGOLO KWA MZERE. PACHITSEKO PASAKHALE MUNTHU. Atsibweni anapempha kope, analembamo tsiku ndi zimene sikelo inanena, anasaina dzina lonse ndi mfunda womwe, n'kulikulunga m'pepala la shuga ndi kulikhomera kunsi kwa mpando.

Ulendo woyamba unali wa mtedza, wopita ku Nathenje kumsewu wa M1. Mbiri inali itafika kale kumtsinje, ndipo amayi aja anali atasiya kuchapa, ataima mzere ngati akudikira gule. Bulaki ndi Bantomu anatsika, anawoloka, anaponda chitunda. Goli linapepuka pang'ono, ine mtima uli m'mwamba, koma linakhala pomwepo. Matayala anakwera, ngolo inatulukira pamwamba, thumba ngakhale limodzi osasuntha. Atsibweni, amene sanamwetulire chiyambire kukolola, anavula chipewa n'kuweramira amayiwo ngati wandale pamsonkhano. Mayi uja woyambitsa dzina anaimba nthungululu yekha, anzake n'kulandira.

Pofika mvula yoyamba zilonda za pakhosi zinali zitapola, ubweya utamera. Mnyamata woyamba uja anaitanidwanso, anapepesedwa ndi nkhuku, ndipo lero amapakira yekha atsibweni ali kudimba. Eni ngolo ena anayamba ndi kuseka mzere woyera, kenako kumabwera madzulo ngati odutsa, kufunsa ngati nthambi ya mango ija ili ndi ntchito mawa. Atsibweni amawalandira ngati dokotala. Funso lawo loyamba silisintha: "Munawotcherapo chiyani chiigulireni?"

Dzina lija silinachoke. Iwo eni anagula utoto wofiira n'kulemba NDEGE m'mbali zonse ziwiri, ndipo pamaliro kapena pamsonkhano wa mudzi akafunsidwa ntchito amati ndi apayiloti. Mwezi watha anawotcheretsa kachitsulo kokolekapo nyali kumbuyo, kosakwana ndi kilogalamu imodzi, koma anakokera ngolo kumango, nayeza, nalemba m'kope.

Tsiku lina njinga yanga itaphulika tayala pafupi ndi Bunda, Ndege inandipeza panjira itanyamula matumba asanu ndi atatu a chimanga. Ndinaponya njinga pamwamba n'kudumphira pachitseko, miyendo ili lendelende, monga tinkachitira tili ana. Ngolo inaima. Atsibweni anatembenuka, naloza thabwa lakutsogolo ndi chikwapu.

"Aphunzitsi, kodi analemba apa ndani?"

Ndinatsika mwamanyazi. Anandiyeza ndi maso, kuyambira kumutu mpaka pamimba, pamene anakhalitsapo pang'ono.

"Inu ndinu thumba limodzi ndi theka, ndipo thekalo likukula. Khalani pamzere penipeni. Njingayo ibwere kutsogolo."