Kutembenuza mbale za m'kompyuta

Maliro akatha kuno ku Chipasula, anthu atabalalika, amayi amatsala ndi ntchito yosankha ziwiya. Miphika, mabeseni ndi mbale zimaunjikidwa pabwalo. Mayi amatembenuza mbale n'kuyang'ana kunsi, pomwe mwini wake anadontheza penti: iyi ndi ya mpingo, iyi ndi ya kwa amfumu, iyi tinabwereka ku Kaliyeka. Abale anga, sukulu, kiliniki kapena kabungwe kalikonse kokhala ndi makompyuta khumi kayenera kuchita chimodzimodzi ndi mapulogalamu ake.

Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu sitiigula mmene timagulira ndowa. Chimene timalipira ndi laisensi, chilolezo choigwiritsa ntchito. Zili ngati nyumba ya lendi: mumagonamo, koma malamulo ndi a landilodi. Lamulo lathu la Copyright Act la 2016, lomwe ambiri timalidziwira pa COSOMA ndi nyimbo, limatetezanso mapulogalamu a kompyuta.

Tsono m'maofesi athu makompyuta amabwera mosiyanasiyana. Ena ndi mphatso, ena ndi a kaunjika, ena anapita kwa mnyamata wokonza n'kubwerako ndi zinthu zomwe anathiramo kuchokera pa fulashi yake. Palibe amene analemba. Ndiye poyambira m'pakuwerenga. Pa Windows, tsegulani Settings, kenako Apps, mndandanda wonse uoneka. Makompyuta akachuluka, pali mapulogalamu aulere monga OCS Inventory ndi GLPI omwe amasonkhanitsa okha mindandanda yonse pamalo amodzi.

Komatu kuwerenga kokha sikukwanira. Wakabaza akaberedwa njinga, kunena kuti “inali yakuda” kupolisi sikumuthandiza. Amafunsidwa mtundu wake ndi nambala ya pa felemu. Kulemba kuti “Office” basi kuli ngati kunena kuti njinga yakuda. Ndi Office 2010, 2016, kapena Microsoft 365? Windows wake ndi Home kapena Pro? Lembani amene anaipanga, dzina lonse, ndi nambala ya version. N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la ISO linatulutsa muyezo wa ISO/IEC 19770-2, woti pulogalamu izikhala ndi chizindikiro chakechake chonena kuti ndi ndani, ngati penti ija ya kunsi kwa mbale. Muonanso mayina obwerezabwereza, monga Microsoft Visual C++ Redistributable, mwina kasanu. Asakuzunguzeni. Amenewo ndi masipoko ndi tcheni, si njinga zisanu.

Mukadziwa mayina, ikani m'milu, ndipo apa ganizani za mbewu. LibreOffice, Firefox ndi VLC zili ngati chimanga cha makolo: mumadzala, mumasunga, mumagawirako mnansi, palibe wokufunsani. Microsoft 365 ili ngati mbewu ya haibulidi, yomwe mumabwerera kusitolo nyengo iliyonse. Mukasiya kulipira, mumasiya kukolola. Windows amene anabwera kale m'kompyuta pogula ali ngati chitsime cha pa puloti, posamuka simunyamula, laisensi yake imathera pa makina omwewo.

Mulu umene umapusitsa anthu a mtima wabwino ndi uwu. TeamViewer ndi yaulere mukamaigwiritsa ntchito pa zanu za kunyumba, koma pa ntchito ya bizinesi imafuna kulipira. WinRAR imakupatsani masiku 40 oyesera, ngakhale imapitiriza kutseguka masikuwo atadutsa. Mnansi akakubwerekani wilibala kuti mututire manyowa kudimba, sanakuuzeni kuti muzigwirira ganyu kumsika.

Mulu womaliza ndi wa mapulogalamu a crack. Ndimamvetsa chomwe chimatifikitsa pamenepo, madola ndi osowa ndipo kwacha ndi yofooka. Koma imeneyi ndi nyama yopanda chidindo. Amene anathyola loko wa pulogalamu angathenso kubisamo vayirasi, ndipo kompyuta yanuyo ndi yomwe ikusunga mayina a odwala kapena malikisi a ana athu. Pambali pa muluwu ikaninso mapulogalamu okalamba. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 mu Januwale 2020, ndi Windows 10 mu Okutobala 2025. Amenewa ndi madenga oti akabooka palibe wobwera kudzamata, ndipo dzinja silifunsa.

Pomaliza tengani malisiti. Kuchigayo, wolipira mabigili asanu sagayitsa asanu ndi atatu. Ngati muli ndi malaisensi asanu koma pulogalamu ili pa makompyuta asanu ndi atatu, atatuwo muwalipirire, kapena muchotsemo n'kuikamo LibreOffice. Nthawi zina zimatembenuka: mukupeza kuti bungwe likulipirirabe anthu awiri omwe anasiya ntchito chaka chatha. Zonsezi zilowe m'kaundula mmodzi, ngakhale kope wamba, wosungidwa ndi munthu mmodzi wodziwika, ndipo azitsegulidwa tsiku lililonse pamene kompyuta yabwera kuchokera kokonzedwa.