Kuumitsa ndi Kusunga Anyezi

Lero tikambe za anyezi amene ali m'madimba mwanu, makamaka inu a ku Chirimba ndi a m'munsi mwa phiri la Michiru.

Mudziwa kuti m'mwezi wa Seputembala ndi Okutobala anyezi amachuluka pa msika wa Chirimba, mtengo nkutsika. Pofika Januwale ndi Febuluwale amasowa, ndipo kamulu kakang'ono kamagulidwa ndalama zambiri. Ambiri mumandiuza kuti, "Alangizi, tidayesa kusunga koma adatiolera." Ndikapita kukaona, kawirikawiri ndimapeza kuti kuolako kudayambira pakhosi.

Khosi ndi pamene masamba akumana ndi mutu wa anyezi. Likakhala laliwisi, chuku ndi matenda oolesa zimalowera pamenepo. Likauma ndi kufota, khomolo latsekeka. Ntchito yonse yagona apa.

Yambirani m'dimba. Masamba akayamba kugwa okha, lekani kuthirira. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, kufikira masamba agwa m'mapando oposa theka. Ena amaponda masamba kuti anyezi akhwime msanga. Musatero, mukuvulaza khosi. Zulani tsiku lopanda mvula, mutatakasa nthaka pang'ono, ndipo musamponye pamulu ngati miyala. Anyezi wosupuka sachedwa kuola. Musamtsuke, ndiponso musadule masamba akali aawisi.

Tsono yanikani pathandala, pansi pa chisakasa kapena pakhonde podutsa mphepo, osaunjika. Dzuwa la Okutobala kuno ku Blantyre limawamba anyezi ngati asiyidwa pamtetete. Ngati mulibe mthunzi, yalani m'mizere kuti masamba a mzere wina aphimbe mitu ya mzere unzake. Papite sabata ziwiri kapena zitatu. Kuti mudziwe kuti wauma, pekesani khosi ndi zala. Likaterera, sanaume. Likakhala ngati luzi louma, makoko nkumalira tswatswa, wauma. Pamenepo dulani mizu, ndipo podula masamba siyani khosi lotalika inchi imodzi.

Sankhani musanasunge. Wa khosi lonenepa, wotulutsa duwa ndi wotemeka ndi khasu, ameneyo idyani kapena gulitsani msanga. Mbewunso zisiyana. Red Creole, wofiira uja, amasungika miyezi ingapo, koma Texas Grano ngwamadzi ambiri, sapirira ngakhale mumsamale chotani.

Posunga, ine ndimakonda njira yosadula masamba, kuwaluka m'mitolo ndi kupachika kuphaso, chifukwa woola amaoneka msanga. Dengu lamipata ndi labwinonso, koma likhale pathandala, osati padothi. Thumba la feteleza ayi, limasunga chinyontho. Musaike pamodzi ndi mbatatesi. Sabata iliyonse chotsani wofewa ndi wophukira, makamaka mvula ikayamba mu Novembala, ndipo onani ngati denga silikudontha.

Kwa inu mafumu ndili ndi pempho. Anthu anu ambiri amazula anyezi wosakhwima poopa akuba ndi mbuzi, osati chifukwa cha umbuli. Sonkhanitsani eni madimba oyandikana kuti alondere mosinthana m'sabata ziwiri zomalizazo, ndipo eni mbuzi azimangirire kufikira onse atakolola.

Sabata yamawa tidzakamba za kakonzedwe ka nazale ya anyezi. Tsalani bwino.